Kusankha botolo la mpweya la mfuti yatsopano ya paintball kuno ku Tete

Ambiri amene agula koyamba mfuti ya paintball, ya masewero owomberana timipira ta penti, amayamba ndi kusankha botolo, za kopopera amaziganiza katundu atafika kale. Phukusi lachokera ku Johannesburg, mfuti ili chonyezimira, botolo la carbon fibre ladya ndalama zambiri, koma lafika lopanda kanthu, poti mabotolo amenewa amatumizidwa opanda mpweya. Mwini wake amalitengera pa bomba ya mafuta kapena kwa omata matayala, kompuresa n'kulira mpaka kutopa, singano ya geji osasuntha n'komwe. Kompuresa ya matayala imathera pa 8 kapena 10 bar (bar ndi muyezo wa pulesha, mphamvu ya mpweya wokanikizidwa). Botolo lotsika mtengo kwambiri la paintball limafuna 200 bar.

Kaya muli mumzinda wa Tete, ku Moatize, ku Songo kapena kumtunda ku Ulóngwe, yambani mwadziwa kumene mpweya uzichokera. Kukula kwa botolo, mtundu wake ndi regulator (chitsulo cha kukamwa kwa botolo chotsitsa pulesha), zonsezo zitsatira yankho limenelo.

## Zofunika kukhala nazo pafupi

- Buku la mfuti yanu. Ngati linasowa, lipezeni pa intaneti polemba dzina ndi mtundu wa mfutiyo.
- Botolo la mpweya, limene ena kuno amati botija, lokhala ndi regulator yake yomangidwa kale kufakitale.
- Chopopera: botolo lalikulu la scuba (la osambira pansi pa madzi) ndi fill station yake (cholumikizira chothirira mpweya m'botolo lanu), kompuresa ya 300 bar, kapena pampu yamanja ya mfuti za PCP (mfuti zina zoyendera mpweya wopanikizidwa).
- Ma O-ring (timphete tofewa totseka mpweya kuti usadonthe) a kukamwa kwa botolo, saizi 015, a urethane. Gulani 10 kapena kuposa, ndi otchipa ndipo amatha msanga.
- Ma burst disc apadera (tizitsulo totetezera timene timaphulika n'kutulutsa mpweya pulesha ikapitirira malire): a 1.8K, ndi a 5K kapena 7.5K malinga ndi botolo.
- Kachivindikiro ka kamlomo kopopera, ndi chivindikiro choteteza mazinga.
- Chovala cha botolo, makamaka likakhala la carbon fibre.
- Madzi a sopo m'kabotolo kopopera, ma Allen key, ndi penti yoyera pang'ono kapena kyutekisi.
- Chronograph yoyezera liwiro la timipira. Imodzi ikwanira gulu lonse.
- Masiki ya paintball, ndi kathumba kotsekera kukamwa kwa mfuti.

## 1. Onani pulesha imene mfuti yanu imafuna

Tsegulani buku pa tsamba la mpweya, mupeze zinthu ziwiri: mtundu wa mpweya umene mfuti imalola, ndi pulesha yoyenera kulowa m'mfutimo. Lembani manambalawo papepala musanayambe kuyang'ana mitengo.

Mfuti zopanda batire monga Tippmann 98 Custom, A-5, Cronus ndi ma Spyder ambiri zimafuna pafupifupi 800 psi (psi ndi muyezo wina wa pulesha: 3000 psi ndi 207 bar). Mukazipatsa yochepa, zimawombera kamodzi n'kulephera kudzikoka, kapena zimangolira ngati njinga yamoto yokana kulira bwino. Mfuti za batire, monga za Planet Eclipse ndi DYE, zili ndi regulator yakeyake mkati imene imatsitsanso pulesha, ndipo buku limanena malire a pulesha yolowa.

Chenjezo: musadalire mawu a wogulitsa akuti "botolo lililonse limalowa". Mazinga a kukamwa ndi amodzidi pa mfuti pafupifupi zonse, koma kulowa kwa mazinga sikutanthauza kuti pulesha ndi yoyenera.

## 2. Siyani CO2, tengani mpweya wopanikizidwa

CO2 (carbon dioxide), mpweya wina umene mfuti zina za paintball zimayendera, imakhala yamadzimadzi m'botolo, ndipo pulesha yake imayendera kutentha. Pa 21°C imakhala pafupifupi 850 psi. Ikadutsa 31°C simakhalanso yamadzimadzi, ndipo pulesha ya botolo lodzaza imakwera mofulumira kwambiri. Aliyense wodziwa dzuwa la mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumafika 40°C, aona yekha vuto lake: liwiro la timipira limakwera mosayembekezeka, mnzanu amavulala, ndipo burst disc imaphulika botolo lili padzuwa. Ku Angónia ndi ku Tsangano vuto limatembenuka. M'mawa wa mu Juni, kukazizira, pulesha imatsika, ndipo mukawombera motsatizana botolo limachita chisanu, timipira n'kumagwera pafupi.

CO2 yamadzi ikalowa m'mfuti ya batire imaumitsa ma O-ring ndi kuwononga solenoid, kavalavu ka magetsi kotsegula ndi kutseka mpweya. N'chifukwa chake opanga mfuti zotere ambiri amailetsa.

Mpweya wopanikizidwa, umene pamabotolo umalembedwa HPA, ndi mpweya womwe timapumawu, wouma, wokanikizidwa m'botolo. Regulator imautulutsa pa mlingo umodzi, kaya kwatentha kaya kwazizira. Botolo la CO2 silipopedwa ndi mpweya, ndipo la mpweya silithiridwa CO2.

## 3. Pezani kopopera musanagule botolo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Njira zilipo zinayi.

Botolo la scuba. Awa ndi mabotolo a anthu osambira pansi pa madzi, ndipo ambiri amakhala a 200 kapena 232 bar. Mumamangirira fill station kukamwa kwake, n'kumathira mpweya m'botolo lanu laling'ono. Sipafunika magetsi, choncho njirayi ndi yabwino posewera kutchire. Koma werengani masamu ake. Botolo la malita 12 lokhala ndi 200 bar likathira m'botolo lopanda kanthu la malita 0.8, pulesha imalingana pa 187 bar, sifika 200. Lachisanu limalandira pafupifupi 145 bar, lachikhumi pafupifupi 105 bar. Ndiye kuti gulu la anthu 10 silingasewere tsiku lonse ndi scuba imodzi. Mukakhala ndi awiri kapena atatu, yambani kuthira kuchokera m'lomwe latsika kale, mumalizire ndi lodzaza. Mukatero lodzazalo limakhalitsa.

Kumbukiraninso kuti scubayo payokha imafuna kopopera. Malo osambira pansi pa madzi ali kutali ndi ife: ku Tofo, ku Vilanculos, ku Pemba, kapena kunyanja ku Malawi monga ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Mabotolo opumira a ozimitsa moto ndi a opulumutsa anthu m'migodi nawonso amapopedwa pa 200 kapena 300 bar, ndipo mukhoza kukapempha mwaulemu, koma musagule zida mukuwerengera chilolezo chimene simunapatsidwe. Yang'anani pakamwa pa scuba musanaitanitse fill station. Pali ya yoke, imene imapana valavu kunja, ndi ya DIN, imene imalowa ndi mazinga. DIN ya 232 bar ili ndi mazinga 5, ya 300 bar ili ndi 7.

Kompuresa yaing'ono ya 300 bar. Kwa gulu lokhala kumene kuli magetsi, iyi ndiye njira yanzeru kwambiri. Za mtundu wa Yong Heng zimayendera 220 V, zimakoka pafupifupi 1.8 kW, ndipo zimazizira ndi madzi ozungulira kuchokera m'ndowa. Ngati mukufuna kuiyendetsa pa jenereta, jeneretayo ikhale yamphamvu kuposa pamenepo ndithu, chifukwa mota imakoka kwambiri podzuka. Musagule kompuresa yotere popanda sefa yochotsa madzi ndi oyilo. Mpweya ukakanikizidwa umatulutsa madzi, makamaka nyengo ya dzinja kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo madziwo akalowa m'botolo amadya aluminiyamu mkati mosaoneka ndi kuwononga regulator. Madzi a m'ndowa amatentha msanga kuno kuchigwa. Gwiritsani ntchito ndowa yaikulu, ya malita 20, muziika pamthunzi, ndipo muziwasintha akayamba kufunda. Tizikompuresa ta 12 V tinapangidwira timabotolo ta mfuti za PCP. Tingathe kudzaza botolo limodzi mopumira, koma la gulu lonse timapsa.

Pampu yamanja ya PCP. Imagwira, koma dziwani ntchito yake. Kuti botolo la malita 0.8 lifike 200 bar, muyenera kukankhiramo malita 160 a mpweya, ndiko kupopa mazana ambiri, kwinaku mukupumira mphindi zingapo zilizonse kuti pampu izizire. Ndi yoyenera kwa munthu wa kabotolo ka 13ci (ci ndi cubic inch, muyezo wa kukula kwa mkati mwa botolo) kapena wongowonjezera pang'ono. Kwa 68ci musadzivute.

Nitrogen. Botolo la HPA limalola nitrogen, ndipo mabotolo akuluakulu a m'mafakitale amakhala pafupi ndi 200 bar. Pamafunika cholumikizira choyenera ndi munthu wodziwa ntchitoyo.

Chenjezo lalikulu: oxygen ayi. Ku ofisina ya owotcherera zitsulo kuli mabotolo a pulesha yokwera, ndipo wina wofuna kuthandiza akhoza kunena kuti "tiyeni tikuthirireni". Oxygen yopanikizidwa ikakumana ndi kadontho ka girizi m'regulator imayaka ndi kuphulika. Musayendere mtundu wa penti ya botolo, werengani zolembedwa. Ngati palembedwa Oxigénio kapena O2, chokanipo. Nitrogen imalembedwa Azoto, Nitrogénio kapena N2.

## 4. Sankhani pakati pa 3000 ndi 4500 psi, kenako kukula

Pabotolo pamalembedwa manambala awiri, monga 48/3000 kapena 68/4500. Loyamba ndi kukula kwa mkati mu cubic inch, lachiwiri ndi pulesha yodzazira mu psi. Mabotolo ochokera ku Ulaya amalembedwa m'malita ndi bar: 48/3000 ndi malita 0.8 pa 200 bar, 68/4500 ndi malita 1.1 pa 300 bar.

Osewera amawerengera chonchi: pa 3000 psi, cubic inch imodzi imapereka timipira pafupifupi 10, ndipo pa 4500 psi pafupifupi 15. Choncho 48/3000 imakufikitsani pafupi ndi timipira 500, 68/4500 pafupi ndi 1000. Mfuti zina zimadya mpweya kuposa zinzake, ndiye manambalawa angotsogolera. Hopper wamba, chosungira timipira cha pamwamba pa mfuti, imalowa timipira 200, ndipo pod imodzi, kachitini konyamulira timipira tapadera, 140. Wonyamula hopper ndi mapod awiri, 48/3000 imukwanira masewero amodzi. Wonyamula mapod 4 kapena 5 afunika 68/4500.

Botolo la 3000 psi ndi la aluminiyamu. Ndi lolemerapo, pafupifupi 1.3 kg, koma limapirira kugwa pamiyala ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. La 4500 psi ndi lokulungidwa ndi carbon fibre, lopepuka ngakhale lili lalikulu, koma lodula, losachedwa kukandika, ndiponso lili ndi zaka zotha ntchito.

Tsopano bwererani ku sitepe 3. Ngati mukupopera pa scuba ya 200 bar, botolo la 4500 psi silidzadzaza ngakhale tsiku limodzi, lizithera pansi pa 3000 psi. Mudzakhala mutalipira pulesha imene simungaipeze. Ndalama yomweyo ikhoza kugula mabotolo angapo a 48/3000, n'kumasinthana. Carbon fibre ndi ya munthu amene ali ndi kompuresa ya 300 bar, kapena amene kupepuka kwa mfuti amakuona kofunika kwambiri.

## 5. Sankhani regulator

Regulator ndi chitsulo cha kukamwa kwa botolo, chimene pali geji, kamlomo kopopera ndi ma burst disc awiri. Imatsitsa pulesha ya m'botolo kufika pa mlingo umene mfuti imalandira. Mitundu yake ndi itatu:

- Yotulutsa 800 mpaka 850 psi. Mabotolo ambiri a 48/3000 amabwera ndi imeneyi, ndipo ndi yomwe Tippmann ndi Spyder zimafuna.
- Yotulutsa 450 mpaka 550 psi, ya mfuti za batire zambiri.
- Yotsika kwambiri, pafupifupi 300 psi, imene kampani ya Ninja imaitcha SLP. Igulidwe pokhapokha buku la mfuti likuilola.

Pali mfundo imene ambiri saiganizira. Pulesha ya m'botolo ikatsika kuposa imene regulator imatulutsa, mfuti imayamba kufooka. Ndi regulator ya 800 psi pa botolo la 3000 psi, mpweya woposa gawo limodzi mwa magawo anayi umatsala osagwira ntchito bwino. Ngati mfuti yanu imalola 450 psi, regulator yotsikayo ikupatsani timipira tambiri pa botolo lomwelo, ndipo kwa wopopera pa scuba yotsika phindu limenelo ndi lalikulu.

Ma regulator ena, monga Ninja Pro, amasinthika pochotsa kapena kuwonjezera timbale tating'ono mkati. Ndi abwino kwa amene akuganiza zodzasintha mfuti. Kusinthako kumachitika botolo lili lopanda mpweya ngakhale pang'ono.

## 6. Werengani zolembedwa pabotolo

Sitepe iyi ndi yofunika kwambiri pogula botolo logwirapo kale ntchito pa Facebook kapena kwa mnzanu. Pemphani chithunzi choonekera bwino cha zolembedwazo musanatumize ndalama.

Pa botolo la aluminiyamu zolembedwa zimadindidwa pachitsulo pafupi ndi khosi. La ku America limalembedwa monga DOT-3AL 3000, la ku Canada TC, la ku Ulaya limakhala ndi chizindikiro cha π. Pa la carbon fibre zimakhala papepala lomatidwa pansi pa utomoni woonekera. Botolo lopanda zizindikiro zotere, kapena limene pepala lake lamatidwa pamwamba ndipo lingathe kumatuka ndi chala, musaligule.

Pezani tsiku limene linapangidwa. Limalembedwa mwezi ndi chaka, monga 05 ndi 24, pakati pake pali kachizindikiro ka woyeza. Mabotolo ambiri amayenera kuyezedwanso ndi madzi opanikizidwa, imene amati hydro test, zaka 5 zilizonse, ndipo akale ena zaka 3. A carbon fibre ambiri a DOT amatha ntchito pakapita zaka 15, ngakhale akuoneka atsopano. Pa a ku Ulaya tsiku lomaliza limalembedwa pafupi ndi mawu akuti FIN kapena FINAL. Aluminiyamu ilibe zaka zothera bola ikupambana mayeso. Koma kwa munthu wa ku Tete, kutumiza botolo la 48/3000 kutali kukayezedwa kukhoza kudya ndalama zofanana ndi kugula latsopano. Choncho pogula, funsani tsiku, mutenge lopangidwa posachedwa. Botolo limene lakhala zaka zitatu m'sitolo lakudyerani kale zaka zitatu.

Pa mabotolo a ku Ulaya pali manambala awiri a pulesha. PW ndi yodzazira. PH ndi yoyezera kufakitale. Botolo lolembedwa PW 200 ndi PH 300 ndi la 200 bar basi. Anthu amaona 300 n'kulipopa mpaka pamenepo, ndipo imeneyo ndi ngozi.

Mazinga a pakati pa botolo ndi regulator ali mitundu iwiri: 5/8-18 UNF pa a ku America ndi M18x1.5 pa a ku Ulaya. Musasakanize. Regulator yolakwika ikhoza kuoneka ngati yalowa, koma siigwira mokwanira, ndipo pa 200 bar imafwamphuka ngati chipolopolo. Kugula botolo ndi regulator zomangidwa kale pamodzi kumakuchotserani vuto limeneli.

Yang'ananinso thupi lake. Aluminiyamu yopindika, yokumbika kwambiri kapena yopsa ndi moto isagwiritsidwe ntchito. Pa carbon fibre, kukandika kwa utomoni wapamwamba si vuto lalikulu, koma ulusi wakuda ukaoneka woduka kapena wonyanyuka, botololo latha.

## 7. Yezani kutalika

Mangani botolo pamfuti, gwirani chogwirira, pindani mkono. Thako la botolo lifike pakhwapa la chigongono, kapena lipitirire pang'ono. Lalitali kwambiri limakankhira mfuti kutali ndipo mkono umatopa, lalifupi limakupanikizani. Ana ndi anthu a mikono yaifupi amapeza bwino ndi 48ci kapena 50ci, amsinkhu ndi 68ci kapena 77ci. Ngati mukuitanitsa kutali, yezani mkono wanu ndi tepi mufananize ndi kutalika kolembedwa, kuphatikizapo regulator. Wosewera m'tchire wofuna mfuti yopepuka akhoza kuika botolo kumsana n'kulumikiza ndi paipi yopotana yotchedwa remote line.

## 8. Kupopa koyamba

Musanapope, jambulani mzere wa penti kapena kyutekisi kuchokera pa regulator kudutsa pakhosi la botolo. Ntchito yake muiona pa sitepe 10.

1. Chotsani kachivindikiro, muone kuti kamlomo kopopera n'koyera. Fumbi la kuno ndi mdani wamkulu wa kamlomo kameneka.
2. Kokani kolala ya paipi, lowetsani pakamlomo, siyani kolala ibwerere mpaka imveke. Kokani paipi mwamphamvu kuti mutsimikize kuti yagwira.
3. Gwirani botolo kapena liikeni poti silingagubuduke. Nkhope ikhale kutali ndi paipi ndi ma burst disc.
4. Pa scuba, tsekani kotulutsira mpweya wa m'paipi, tsegulani valavu pang'onopang'ono. Pa kompuresa, yatsani pampu ya madzi kaye, dzutsani mota kotulutsira kuli kotsegula, kenako tsekani.
5. Yang'anani mageji onse awiri, ya chopopera ndi ya botolo. Lekani pa 3000 psi, ndiyo 207 bar, kapena pa 4500 psi, ndiyo 310 bar, malinga ndi zolembedwa pabotolo, ndipo pa la ku Ulaya lekani pa nambala ya PW. Musasiye kompuresa ikulira nokha mutachokapo.
6. Tsekani valavu kapena zimitsani mota, tulutsani mpweya wa m'paipi wonse, kenako masulani kolala.

Chenjezo: musaike oyilo kapena girizi pa kamlomo kopopera, ngakhale kakuvuta kapena kakutulutsa mpweya. Oyilo akakanikizidwa mwadzidzidzi amayaka monga dizilo amayakira mu injini. Mabotolo aphulikapo chifukwa cha zimenezi.

Mpweya umatentha polowa. Mukapopa mothamanga, geji imaonetsa kuti ladzaza, koma likazizira singano imatsika ndi mazana angapo a psi. Sikuti likudontha. Dikirani mphindi 10, muwonjezere pang'ono. Musapitirize malire poganiza kuti litsika lokha.

## 9. Mangani pamfuti, fufuzani kudontha, yezani liwiro

Valani masiki, nonse amene muli pafupi. Chotsani hopper ndi kampira kotsalira m'mfuti, tsekani kukamwa ndi kathumba. Onani O-ring ya kukamwa kwa botolo, ngati yang'ambika kapena yaphwatalala sinthani. Pa mfuti ngati Tippmann ndi Spyder, kokani kaye chokokera musanalowetse mpweya. Lowetsani botolo ndi dzanja, mowongoka. Likamalimba pa mazinga oyamba, bwezani muyambirenso, musakakamize. Mpweya ukamveka kulowa, zungulizani pang'ono n'kusiya. Sipanala siifunika.

Mverani, kenako wazani madzi a sopo pamalo olumikizana. Thovu limaonetsa pamene pali vuto:

- Pamene botolo lalowa m'mfuti: ndi O-ring ya 015. Sinthani.
- Pa kamlomo kopopera: fumbi lalowa kapena ka O-ring ka mkati katha. Tulutsani mpweya wonse musanamasule.
- Pa burst disc: sinthani ndi ya nambala yomweyo. Ya 5K ndi ya botolo la 3000 psi, ya 7.5K ndi ya 4500 psi. Ya 1.8K imateteza mfuti. Imeneyi ikaphulika ndiye kuti regulator ikudutsitsa pulesha yambiri, ndipo kungosintha disc sikuthetsa vuto, regulator ikonzedwe.
- Pakhosi, pakati pa regulator ndi botolo: lekani, tulutsani mpweya, pitani nalo kwa katswiri.

Pomaliza yezani liwiro pa chronograph. Malire odziwika ndi 300 fps (mafiti pa sekondi), pafupifupi mamita 91 pa sekondi, ndipo mabwalo ambiri amaika 280. Yezani nthawi iliyonse mukasintha botolo kapena regulator, makamaka ngati mfutiyo inkayendera CO2.

## 10. Kumasula ndi kusunga

Ngati mfuti ili ndi kotsekera mpweya pamene pamalowa botolo, tsekani, mpweya wotsala utuluke, kenako masulani. Ngati ilibe, bwezani botolo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi, wombani mfuti yopanda timipira moloza pansi mpaka isiye kulira, kenako malizani kumasula. Kumasula pulesha ili mkati ndi kumene kumadula ma O-ring ndi kudya mazinga.

Pomasula, maso akhale pa mzere wa penti uja. Botolo ndi regulator ziyenera kuzungulira limodzi. Mzere ukasiyana, ndiye kuti botolo likuchoka pa regulator, osati pa mfuti. Lekani pomwepo, bwezerani, tulutsani mpweya wonse powomba, mukapereke kwa katswiri. Botolo lochoka pa regulator lili ndi mpweya limauluka ndipo limapha.

Sungani botolo pamthunzi, litachotsedwa pamfuti, zivindikiro zili pamalo pake. Siyanimo mpweya pang'ono, mazana angapo a psi, kuti chinyontho chisalowe.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kusiya botolo m'galimoto yotseka. Botolo lopopedwa 3000 psi pa 25°C likafunda kufika 65°C, pulesha imafika pafupifupi 3400 psi. Kutenthako kumafewetsanso ma O-ring, ndipo timipira timene muli nato momwemo timafewa n'kumasweka m'mfuti. Pa chapa (minibasi), musalole chikwama cha botolo chiikidwe padenga kapena pafupi ndi injini.

Kutseka bowo la burst disc ndi bawuti. Disc yaphulika, yapadera palibe, wina akuti kabawuti kalowa bwinobwino. Mwachotsa chitetezo chokhacho chimene botolo lili nacho. Kuika ya 7.5K pamalo pa 5K ndi kulakwitsa komweko.

Kupopa 48/3000 pa chopopera cha 300 bar osayang'ana geji. Gulu likakhala ndi mabotolo a mitundu iwiri, munthu mmodzi wodziwa ndiye azipopa, ndipo aziwerenga botolo lililonse asanalumikize.

Kuiwala sefa ya kompuresa. Thonje la m'sefa likanyowa kapena kuda ndi oyilo lisinthidwe, ndipo madzi a m'kompuresa azitulutsidwa mphindi zingapo zilizonse popopa. Mpweya wotuluka m'mfuti ukamanunkha oyilo, lekani kupopa mpaka sefa itakonzedwa.

Kutsuka carbon fibre ndi petulo kapena thinner, kapena kulipenta. Madzi ndi sopo ndi okwanira. Penti imabisa ming'alu.

Kukulunga tepi ya mapaipi a madzi pa mazinga olowa m'mfuti. Amene amatseka mpweya pamenepo ndi O-ring, osati mazinga. Tizidutswa ta tepi timalowa m'valavu ya mfuti n'kuyambitsa kudontha kwina.

Kuitanitsa botolo lokha popanda tizida tosinthira. O-ring imodzi yong'ambika ikhoza kuimitsa masewero milungu ingapo mukudikira phukusi lina. Itanitsani ma O-ring, ma burst disc, kamlomo kopopera kapadera ndi zokonzera regulator pa ulendo womwewo.

Kuyenda ndi zida mosakonzekera. Mfuti ya paintball patali imaoneka ngati mfuti yeniyeni. Inyamuleni m'chikwama, botolo ndi hopper zitachotsedwa, malisiti ali pafupi. Musanaitanitse kapena kuwoloka nayo malire pa Zóbuè, pa Calómuè kapena pa Cuchamano, funsani kaye a polisi ndi a Alfândega (a kasitomu) zimene akufuna. Pa ndege botolo limayenda lopanda mpweya, ndipo makampani ambiri amafuna regulator itachotsedwa kuti aone mkati, choncho funsani kampaniyo masiku angapo ulendo usanafike, mupezenso katswiri woti adzaimangenso moyenera mukafika.